Mmene Tinamangira Khonde pa Netiweki ya ku Ofesi

Ine mawu anga ndi aakulu, ndipo sindipepesa. Ndisanakhale mlonda ndinkaitanira maminibasi pa Liwonde, ndipo ndikati "Zomba! Zomba!" anthu a kutsidya kwa mlatho ankatembenuka. Sukulu ndinalekezera poyambirira penipeni kwathu kwa Mposa, chifukwa mbalame za m'munda wa mpunga zinkafuna wozikuwiza, ndipo bambo anga anaona kuti mphatso yanga ili pakhosi. Zilembo mukuwerengazi ndinakazitola nditamera kale imvi, kusukulu ya kwacha. Ndiye mukaona pena pakhota, dziwani kuti likuchedwa ndi dzanja, mutu uli bwinobwino.

Ntchito ya pageti ndinaigwira ku Balaka, pa ofesi ya bungwe lina la alimi a thonje. Inali ya masana. Mpando wanga unkakhala pansi pa mtengo wa nimu, umene mthunzi wake theka unkagwera mkati mwa mpanda, theka panja kumsewu. Ndinali ndi buku la alendo ndi cholembera chomangirira chingwe, komanso ndowa ya madzi akumwa ndi kapu yake. Bukulo linali la abwana. Ndowayo inali nzeru yanga.

Chaka china kunabwera intaneti. Anakhoma mbale padenga, kutsitsa waya, nkuika kabokosi ka timagetsi tophethira pamwamba pa kabati. Kuti foni kapena kompyuta ilowemo pankafunika mawu achinsinsi, iwo amati pasiwedi. Kalaliki wathu anatopa ndi alendo a kumisonkhano omufunsa mawu amenewa, ndiye anandiloweza ine kuti ndizikawauza pageti pomwepo. Anangonena katatu, ndinawagwira. Munthu wosadalira pepala amasunga zinthu m'mutu.

Kutsidya kwa msewu kunali mayi wina wokazinga zitumbuwa. Amuna ake anali ku Joni, iyeyo ali woyembekezera. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo anabwera kudzapempha madzi. Atamwa anakhala pamuzu wa nimu, nkumayang'ana foni yake ngati munthu woyang'ana mphika wopanda kanthu.

"Bwanji mwanangu?"

"Bandulo yatha, ambuje. Mwezi uno sindinawamve mawu."

Kwathu munthu wopempha madzi safunsidwa dzina. Umayamba wamupatsa, mafunso pambuyo. Ndipo ine netiweki ija ndinkaiona ngati kasupe, imangotuluka kaya pali wotunga kaya palibe. Ndinamuuza mawu aja. Kulemba ndikanachedwa, ndiye ndinangowatchula chilembo ndi chilembo. Koma ndakuuzani kale za mawu anga. Ine ndikati ndanong'oneza, telala wa pakona amaimitsa makina.

Sabata isanathe akabaza onse anali atawadziwa. Kenako anayamba kubwera azimayi amene amuna awo ali ku Joni, ndipo kuno alipo ambiri. Ankayala zitenje mumthunzi wa panja uja, aliyense foni m'manja, ena akulankhula Chiyao ena Chichewa. Wina akuonetsa mwamuna wake chimanga cha m'munda, wina akukalipa, wina akungoseka osanena kanthu. Ine pampando panga mtima uli myaa. Tsiku lina ndinadzimenya pachifuwa pamaso pa onsewo.

"Malinga ine ndili pageti pano, mtengo uno sudzasowa mawu a ku Joni!"

Ndipo kwa mayi wa zitumbuwa uja ndinawonjeza kuti, "Mwana akadzabadwa, tsiku lomupatsa dzina, bambo ake adzamuona nkhope pansi pa mtengo womwe uno. Ndanena ine."

Chizindikiro choyamba chinabwera moseketsa. Abwana anali pamsonkhano ndi atsogoleri a alimi, ndipo mwadzidzidzi makina osindikizira mapepala anadzuka okha pakona. Krrr, krrr. Panatuluka chithunzi cha mwamuna wovala ovolosi, manja m'chiuno, atatsamira galimoto yaikulu yosakhala yake. Chinatuluka kasanu. Abwana anatuluka nacho panja.

"Madala, uyu ndi ndani?"

Ndisanayankhe, mayi wina pansi pa mtengo anakuwa, "Mayo, amuna anga!" Anali atadina pena pake osadziwa. Tinaseka mpaka misozi, abwana nawonso. Mayiyo anatenga mapepala onse asanu, akuti limodzi akapatsa apongozi. Palibe anafunsa kuti foni ya panja yafika bwanji pa makina a mkati.

Kenako kunabwera bambo wina wa nsapato zowala, atanyamula laputopu. Anakhala pakati pa azimayi masiku atatu, waulemu, wosalankhulalankhula. Madzi ndinamupatsa. Patapita milungu iwiri alimi a ku Rivirivi anabwera akudandaula kuti wina akuwaimbira foni, akudziwa dzina lawo, mudzi wawo ndi kukula kwa munda wawo, akuti ndi wa ku ofesi kwathu ndipo akufuna nambala yachinsinsi ya pafoni. Mndandanda wa alimi unkakhala m'kompyuta ya kalaliki, wosatsekera, kuti anzake a mu ofesi aziutsegula mosavuta. Kuti anali bambo wa nsapato uja sindingalumbire, sindinamugwire dzanja. Koma ulendo uno abwana sanaseke. Anaitanitsa katswiri kuchokera ku Blantyre.

Ndinkayembekezera chimunthu cha mimba ndi tayi. Lachitatu m'mawa pageti panaima mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga womaliza, chikwama kumsana, sikuludiraiva m'thumba la malaya. Ndinamulembetsa m'buku ngati wina aliyense. Iye anayang'ana bukulo, nkuyang'ana ndowa, nkuti, "Abambo, mubwere mudzaone, ndakubweretserani mnzanu."

Mnzangayo linali bokosi lotuwa, lalikulu ngati buledi wophwanyika, la timabowo kumbuyo. Anati dzina lake ndi fayawolo. Waya wochokera padenga anauzula pamene unali nkuulowetsa m'bowo loyamba. M'bowo lachiwiri analowetsa waya wopita kumakompyuta a mu ofesi. Ndiye chilichonse chochokera kunja, chilichonse chopita kunja, chinayenera kudutsa m'mimba mwa bokosilo. Njira ina panalibe.

"Limachita chiyani?" ndinafunsa.

"Zomwe mumachita inu. Chilichonse chikafika limafunsa kuti wachokera kuti, ukupita kwa ndani, ndipo anakuitana ndani. Lili ndi malamulo ake amene ndililembere. Lili ndi buku lakenso, limalemba lokha aliyense wogogoda."

"Nanga amene sali m'malamulomo?"

"Limamubweza."

"Ngakhale wa nkhope yabwino?"

"Nkhope siliona, abambo."

Apa mpamene ine ndi bokosi tinasiyana. Ine ndimayamba ndi kulola, ndimakana pokhapokha munthu akandipatsa chifukwa. Ilo limayamba ndi kukana, limalola pokhapokha litauzidwa. Ndinamuuza mtsikanayo kuti chinthu chotere chikanakhala munthu, maliro ake sakanapita anthu. Anaseka, nkuti, "Komatu katundu wake akanapezeka yense."

Atamaliza anatembenuka nkufunsa kuti pasiwedi ya pano akuidziwa ndani. Kalaliki anayang'ana abwana. Abwana anayang'ana ine. Ine sindibisala kumbuyo kwa munthu.

"Kuyambira pano mpaka kusiteshoni ya sitima," ndinatero.

Anatsegula kompyuta yake nkutionetsa mafoni amene anali atalowa nthawi imeneyo. Mzere wake unaposa wa pachigayo. Anandifotokozera mofatsa kuti bokosi lija limalondera geti la kumsewu waukulu, koma aliyense wodziwa pasiwedi ali kale mkati mwa mpanda, wakhala pambali pa kompyuta ya kalaliki, ngakhale thupi lake lili pansi pa nimu. Ndi chifukwa chake mwamuna wa ovolosi anatulukira pamsonkhano. Ndi chifukwa chake mndandanda wa alimi unayenda. Anatseka mndandandawo, nkusintha pasiwedi pomwepo, ndipo yatsopanoyo ine sanandiuze.

Nditatuluka ndinapeza azimayi akukweza mafoni m'mwamba ngati akufuna kutchera mvula.

"Ambuje, yathawa!"

Ndinalephera kuwayang'ana. Munthu wa mawu aakulu akasowa chonena, aliyense amamva. Mmodzimmodzi anapinda zitenje nkumapita, ndipo masana amenewo pansi pa mtengo panangotsala mbuzi.

Kunyumba akazi anga anandilandira ndi uthenga. Mayi wa zitumbuwa uja anali atachira kumapeto kwa sabata yapitayo, mwana wamkazi, ndipo dzina adzamupatsa Loweruka likubwerali. Anatuma mawu akuti ambuje asaiwale zimene ananena. Mwina mukuti, bwanji osangomugulira bandulo? Ndinaganizako. Koma kuonana pafoni kumadya bandulo ngati dzombe, ndipo ine sindinalonjeze tsiku limodzi kapena munthu mmodzi. Ndinalonjeza mtengo wonse, ndipo ndinalonjeza mokuwa.

Katswiri uja anali ndi masiku awiri otsala. Ndinaganiza zomugwira mmene timagwirira anthu akuluakulu. Lachinayi masana ndinamuitanira kunyumba, nditapha tambala.

Nyumba yanga ili ku Balaka koma ndinaimanga chikwathu. Kutsogolo kuli khonde lalikulu loyang'ana kunjira, lokhala ndi mkeka ndi mipando iwiri. Kumbuyo kuli mpanda wa bango wautali kuposa munthu, ndipo mkati mwake ndi mmene muli khitchini, nkhokwe, bafa ndi zonse za banja. Tinakhala pakhonde, mpunga wa kwathu ukununkhira mpaka kwa aneba. Ndinamusiya adye ntchafu kaye, kenako ndinayamba.

"Mwanangu, ine ndi munthu wamkulu. Mawu aja ungondiuza ine ndekha. Ndizinong'oneza."

"Inuyo kunong'oneza?"

"Ndiphunzira."

"Abambo, nkhuku ndadya, ndipo ndi yokoma. Koma iyayi."

Ndinamufotokozera za mwana, za dzina, za bambo amene sanaone nkhope ya mwana wake. Ndinaona kuti zamukhudza, koma anapukusabe mutu. Anati alimi aja nawonso ndi anthu, ndipo anatipatsa maina awo potikhulupirira. Pamenepo ananena zoona, chifukwa ena mwa iwo ndimaswali nawo mzikiti umodzi.

Tili choncho panjira panaima bambo wina wokankha njinga ya makala, thukuta lili chuchuchu. Anapereka salamu nkupempha madzi. Ndinakuwira kumpanda, ndipo akazi anga anatulutsa kapu pakakhomo ka bango. Bamboyo anakhala pamasitepe, kumwa, kupemphanso ina, kuthokoza, nkumapita. Ine ndinaona kuti mwayi wanga ndi umenewu.

"Waona, mwanangu? Munthu uja sindimudziwa. Ndamufunsa dzina? Ndi mmene tinaleredwera. Bokosi lako lija likanamubweza ndi ludzu lake."

Yankho silinachokere kwa mtsikanayo. Linachokera kuseri kwa mpanda, kumene akazi anga ankatsuka mapoto. Iwo mawu awo ndi aang'ono, koma amafika.

"Wamwa, eya. Nanga walowa?"

"Mukuti chiyani inu?"

"Ndikuti walowa kuno? Waona nkhokwe? Akudziwa pamene timasunga mbewu? Pano ngakhale achimwene anu enieni amathera pakhonde pomwepo. Koma ku ofesi kwa eni ake munatenga tauni yonse nkukaikhazika kuchipinda, ati kupereka madzi."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe, koma ndinaona mlendo wathu waika fupa pansi. Anadzuka, kukasuzumira pakakhomo ka bango, kubwerera, nkuthyola kamtengo. Anajambula pansi bokosi, nkutulutsa mizere itatu.

"Uwu ndi msewu wa kunja. Uwu ukupita kumpanda, kumakompyuta a ofesi. Bokosi lija lili ndi bowo lina limene sindinaligwiritse ntchito. Nditati ndiikemo waya wachitatu, upite ku kabokosi kena pafupi ndi mtengo wanu, limenelo likhala khonde. Lamulo lake likhala lakuti wa pakhonde apite kunja kulikonse, ku Joni kaya kuti, koma akangotembenukira kumpanda, abwezedwe."

"Zimatheka zimenezo?"

"Zimachitika m'malo ambiri. Timati netiweki ya alendo. Kungoti ine anandiitanira kudzatseka, palibe anandiuza kuti pali anthu ofunika kuwasiyira pokhala."

Ndinamuuza kuti nzeru imeneyi ndinali nayo kale, ndimangoyembekezera nthawi yake. Kuseri kwa mpanda kunamveka poto akugwa, ndi kuseka.

Kunatsala abwana. Lachisanu m'mawa ndinalowa mu ofesi mwawo chipewa chili m'manja, ndipo ndinayamba ndi kuvomera kuti kulakwa kunali kwanga. Zimenezi sindichita kawirikawiri, moti abwana anavula magalasi. Kenako ndinawafotokozera za khonde ndi mpanda. Anamvetsera, nkuti iwo za mizere ya pansi sakhulupirira, akufuna kuona ndi maso. Anaopanso kuti anthu a panja akachuluka, ntchito ya mkati iziyenda ngati nkhono.

Katswiri anati bokosi limadziwanso kuyeza. A pakhonde adzapatsidwa kapu, osati ndowa, ndipo ofesi ikafuna yambiri iyo ndiyo iyambe. Anawonjeza kuti a pakhondewo ngakhale okhaokha sadzaonana, foni ya uyu sidzasuzumira m'foni ya uyo, kuti wina wa nsapato zowala akadzabweranso adzangomwa madzi nkumapita. Kabokosi kakale kaja ka timagetsi, kamene kanali katachotsedwa ntchito bokosi latsopano litabwera, anakapukuta, kukakonza m'kati mwake, nkukakhoma pansi pa denga moyang'ana kumtengo. Makwerero ndinagwira ine.

"Tsopano tiyese," anatero. "Ndani amadziwa kulowa kumene sanaitanidwe?"

Ndinatuma uthenga kwa mayi uja wa mwamuna wa ovolosi. Anabwera akupukuta manja, akuopa kuti waitanidwira mlandu. Tinamulowetsa pa netiweki yatsopano nkumuuza kuti achite zomwe anachita tsiku lija. Tonse tinaima mozungulira makina osindikizira, abwana manja kumbuyo. Mayiyo anadina. Zii. Anadinanso, kufufuza, kutembenuza foni, kudinanso. Makina ali duu ngati sanamvepo za iye.

"Akana kutuluka," anatero mokhumudwa. "Ndimafuna lina la mlamu wanga."

Katswiri anatiitanira pakompyuta yake nkutionetsa buku la bokosi lija. Munali mizere yatsopano, ndipo anatiwerengera: foni yakuti inagogoda kumpanda, yabwezedwa. Yagogodanso, yabwezedwa. Kenako anauza mayiyo kuti aimbire amuna ake. Sipanathe nthawi, nkhope ya mwini ovolosi inatulukira pafoni, akutafuna chinachake, akufunsa kuti kwagwanji.

Abwana anavala magalasi awo. "Chabwino madala. Koma mawu a pakhondewo azisinthidwa mwezi ndi mwezi, ndipo a mkati musadzawafunse."

"Nanga a pakhondewo ndingawanene mokweza?"

"Kodi mumatha kunena mwa mtundu wina?"

Mtsikana uja anakwera minibasi madzulo omwewo. Ndinamuperekeza mpaka pasiteji, ndipo ndinamuitanira ndekha galimoto, kuti aone kuti ntchito yakale sindinaiiwale. Kondakitala anandifunsa ngati ndikufuna ganyu.

Loweruka ofesi inali yotseka, koma bokosi silidziwa Loweruka. Ndinavala mkanjo wanga woyera nkukakhala pampando. Mwambo wa dzina unachitikira kunyumba kwawo m'mawa, ndipo dzuwa litakwera ndinaona gulu la azimayi likuwoloka msewu, mayi wa zitumbuwa ali pakati, akuyenda pang'onopang'ono, kamwana kali m'nsalu yatsopano. Anafika nkuima patsogolo panga. Anali atamva kuti netiweki inathawa, ndipo anabwera kudzaona ngati mawu a ambuje ndi mawu kapena ndi mphepo.

Ndinaimirira, kukonza kukhosi, nkutchula mawu atsopano aja chilembo ndi chilembo. Telala wa pakona anaimitsa makina. Akabaza anatulutsa mafoni. Mayiyo anadina, kenako kunamveka kulira kwa foni ya kutali, kamodzi, kawiri, kachitatu nkuyankhidwa. Anavundukula nsalu nkuyandikiza foni pankhope ya mwana.

Bambo wa mwanayo anatulukira pafoni. Ndinasuzumira ndipo ndinaona mwamuna wamkulu ndithu, chisoti cha kuntchito chili kumutu, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Kenako anatchula dzina la mwanayo, mofatsa, kawiri. Azimayi anayamba nthungululu. Ine ndinaiwala kuti pali khanda, ndinaweramira pafoni nkupereka salamu ya kwathu ndi mawu anga onse. Mwana anadzidzimuka nkuyamba kulira kwambiri, ndipo bambo ake kutsidyako anaseka nkuti, "Musamutonthoze, musiyeni, ndimve mawu ake!"

Ndinagwirabe ntchito pageti lija zaka zingapo, ine ndi mnzanga wa m'bokosi, iye wokana ine wolola, aliyense pakhomo pake. Mawu a mkati sindinawadziwe mpaka ndinapuma. Tsiku lina ndinamuyesa kalaliki, ndinamufunsa mwakachetechete mmene ndingathere. Anandiyang'ana nkuti, "Madala, pitani pakhonde." Ndinamugwira chanza.